Galimoto ya Adadi Ikungozima pa Geti

LOLEMBA

10:12 Achemwali: yazimanso. sitinatuluke ndi pa geti pomwe

10:14 Chitsiriza: adadi akuchotsa phazi pa clutch msanga. auzeni pang'onopang'ono

10:14 Achemwali: iwe ukufuna kuphunzitsa adadi clutch? munthu anayamba kuyendetsa iwe usanabadwe

10:15 Chitsiriza: sindikunyoza sisi. bt stroke ndi stroke. mwendo wakumanzere umene unafooka ndi womwewo wa clutch

10:17 Achemwali: a physio anauyeza mwendowo. anati mphamvu yabwerera, ayambe kuyeserera pabwalo. chaka chonse munthu wakhala akukweza kathumba ka mchenga ndi phazi kuti adzakhalenso pa steering yake

10:18 Chitsiriza: ndikudziwa. mchengawo ndinathira ndine

10:19 Achemwali: nanga bwanji ikangoima ikumalira budu budu budu ngati chigayo? kale sinkatero

10:21 Chitsiriza: exhaust imeneyo. musadandaule

10:46 Achemwali: atsika. makiyi aika pamwamba pa firiji, alowa kuchipinda. amayi akuwaitanira tiyi sakutuluka

10:58 Achemwali: tamva izi. anditumizira ine

10:58 Achemwali, mawu a Adadi 🎤 0:34: Mwanawe, za physio mawa uzisiye. Tisamavutitse anthu. Galimoto imene ija ndinkaidzutsa pamtunda ndi chala cha kuphazi. Lero ikunjenjemera, ndipo sindikudziwa ngati ikunjenjemera ndi iyo kapena ndine. Makiyiwo umupatse mlongo wako, ndi amene wakhala akuyenda nayo chaka chonsechi. Ine zanga zatha.

10:59 Achemwali: munthu ali kuchipinda, ine pa sitting room, koma akunditumizira voice note. mtima ukundiwawa iwe

11:20 Chitsiriza: ndili pa denga la anthu ndikuika aircon. mnzanga ali ndi automatic, ndikhoza kubwereka

11:21 Achemwali: sakufuna ya mnzako. akufuna yawo. ndipo ine sindilola kuti asiye physio. akagona pano sadzukanso

LACHIWIRI

08:05 Achemwali: ku physio sanapite. avala pijama mpaka pano

08:40 Achemwali: ndatenga galimoto ndekha kuti ndipite nayo ku pharmacy

08:41 Achemwali: yandizimira pa geti

08:41 Achemwali: yandizimiranso pa hump ya pa sukulu, minibus kumbuyo ikundiimbira hutala

08:42 Achemwali: buleki yake ngati ukuponda mwala

08:42 Achemwali: miyendo yanga yonse iwiri ndi yabwinobwino. stroke sindinadwalepo. nde fotokoza

09:30 Achemwali: ndaona wawerenga

10:15 Achemwali: iwe chitsiriza. galimoto ya adadi unaitani?

11:02 Chitsiriza: musakalipe kaye

11:02 Achemwali: ndayamba kale

11:09 Chitsiriza 🎤 1:12: Chabwino sisi, mverani. Mu injini muli ndodo ziwiri zachitsulo zokhala ndi timapewa, ma camshaft. Zikamazungulira timapewato timakankha ma valve, ena olowetsa mpweya, ena otulutsa utsi. Zimene galimoto inabwera nazo timapewa take ndi tating'ono, valve imatseguka pang'ono n'kutseka msanga. Ine ndinaika zazikulu. Valve imatseguka kwambiri, imachedwanso kutseka. Pa liwiro ndi zokoma sisi, injini ikadutsa 4500, turbo yopopera mpweya mu injini itadzaza, imakukanikizira kumpando mpaka umaseka wekha. Koma ikamalira pansipansi, pamakhala kanthawi kamene ma valve olowetsa ndi otulutsa amatseguka limodzi, utsi umabwerera mkati, injini n'kumatsamwa. Turbo nayo imachedwa kudzuka. Ndiye podzuka pamafunika kuponda moto kwambiri, apo ayi imazima.

11:11 Achemwali: nanga buleki

11:13 Chitsiriza: buleki imathandizidwa ndi mpweya umene injini imakoka ikamalira pansi. ndi ma cam akulu kukokako kumachepa. nde pedal imalimba

11:14 Achemwali: dzulo unati exhaust

11:14 Chitsiriza: exhaust nayonso ndinasintha

11:15 Achemwali: usandiseketse. sindikufuna kuseka

11:16 Achemwali: munthu wathanzi akuivutikira, iwe n'kuwapatsa adadi makiyi osanena kanthu?

11:19 Chitsiriza: ndinazolowera sisi. phazi langa limangodziwa lokha. sizinandifikire m'mutu olo pang'ono kuti zingawavute

11:20 Achemwali: zichotse. bwezera zakale

11:26 Chitsiriza: loweruka kuli final ya club yathu yothamangitsa magalimoto ku bwalo la ndege lakale lija. ndili number 1 mu class yanga. miyezi yonseyi ndakhala ndikukonzera tsiku limeneli

11:27 Achemwali: loweruka ndi kutali. munthu wasiya kale kudya bwino

11:31 Chitsiriza: ndipatseni mpata. madzulo ndibwera ndi laptop, ndikweza idle, kaliridwe kake ikangoima, nditembenuzako cam gear pang'ono kuti ma valve asamakumane kwambiri. ifatsa. after loweruka ndichotsa zonse, promise

11:32 Chitsiriza: bt plz musawauze adadi. akadziwa kuti ndinatsegula injini yawo andisenda

11:40 Achemwali: ndikhala chete kamodzi kokha. zikakanika ndilankhula

17:48 Chitsiriza: ndamaliza. idle ili pa 1100 tsopano. ndazungulira nayo, yasintha ndithu

17:50 Achemwali: ukuyesa ndi phazi lako lomwelo lozolowera

17:51 Chitsiriza: ikhala bho. muona

LACHITATU

09:10 Achemwali: amayi awanyengerera. avala nsapato. akuti ayesa komaliza pofuna kuti amayi asiye kulongolola

09:11 Chitsiriza: 🙏

09:24 Achemwali: imba

09:24 Achemwali: IMBA

09:25 Chitsiriza: ndili mu ceiling network ikuduka. chachitika chani??

09:29 Achemwali 🎤 0:52: Poopa kuti izimanso, anaponda moto kwambiri, injini inachita kukuwa. Atangochotsa clutch galimoto inalumpha ngati yalumidwa. Turbo yako ija inadzuka nthawi yomweyo. Anaponda buleki, ndinaona ndi maso anga kuti aponda, koma sinaime msanga. Agunda mgolo wa madzi, agwetsa mzati wa chingwe choyanikira zovala. Mashiti a amayi onse m'matope. Amayi anali ataima pomwepo ndi beseni.

09:30 Chitsiriza: avulala?? amayi? adadi?

09:31 Achemwali: palibe wavulala. bumper yokha

09:33 Achemwali: ukudziwa chimene chandipweteka? atsika, apita kwa amayi, avula chipewa. akuti pepani mayi, ndikanakuphani chifukwa cha makani anga

09:34 Achemwali: kenako atenga kathumba ka mchenga kaja akhuthulira m'maluwa

09:35 Achemwali: akupepesa mlandu wako

09:50 Achemwali: ulipo?

10:40 Achemwali: chitsiriza

12:17 Chitsiriza: ndikuchotsa

12:18 Achemwali: after loweruka?

12:18 Chitsiriza: lero. abwana ndawauza kuti sindibwera mpaka ndimalize. akuti ndisabwerenso. tiona zimenezo

12:19 Chitsiriza: musayendetse. ndibwera kudzaitenga ndekha

12:21 Achemwali: zakale zija zilipo koma?

12:30 Chitsiriza: zikuyenera kukhala ku garaja kumene ndinasinthira

12:30 Achemwali: zikuyenera

16:05 Chitsiriza: cam yolowetsa mpweya ndaipeza. inali mu katoni, yokulungidwa mu t-shirt yanga yakale. ili bwino

16:06 Chitsiriza: ya utsi sikuoneka

16:07 Achemwali: sungagule ina?

16:09 Chitsiriza: ndaimbira ma shop onse. akuti kuitanitsa, ifika mwezi wamawa

16:10 Achemwali: mwezi wamawa adadi adzakhala atazolowera bedi. funa

LACHINAYI

07:32 Chitsiriza: ndagubuduza garaja yonse. pansi pa bench, mu drum ya zitsulo zakutha, pa denga la toilet

07:33 Achemwali: pa denga la toilet ikakatani

07:33 Chitsiriza: simukuwadziwa anthu a pano

09:48 Chitsiriza: 📷

09:48 Chitsiriza: sisi onani

09:49 Achemwali: ndikuona chitseko

09:49 Chitsiriza: onani chimene chachirikiza chitsekocho

09:50 Achemwali: ayi

09:51 Chitsiriza: a welder. akuti mphepo imawatsekera chitseko akamawotcherera. miyezi yonseyi cam ya adadi ikugwira ntchito ya ulonda kkkk

09:52 Achemwali: nde ukuseka

09:52 Chitsiriza: ndikapanda kuseka ndilira. akukananso nayo, akuti ndiwapezere china cholemera chimodzimodzi

09:53 Achemwali: apatse mutu wako

10:20 Chitsiriza: ndawapatsa half shaft yakutha, chitsulo cha ku mateyala. tagwirizana

10:22 Chitsiriza: vuto yachita dzimbiri mbali imene inali pansi. ndikupita nayo kwa a lathe, amene amapala zitsulo pa makina, akaione. timapewa tikakhala tadyeka ndiye basi

13:15 Achemwali: nkhani?

13:16 Achemwali: kuno nkhomaliro abweza. akuti alibe njala. akungoonera khoma

14:02 Chitsiriza: a lathe ayeza kapewa kalikonse. dzimbiri ndi la pamwamba chabe. sinapindike. apukuta ikuwala ngati supuni

14:03 Achemwali: zkm Mulungu

14:10 Chitsiriza: a ku club akundiimbira osalekeza. akuti ndapenga. wina akuti ndithamange loweruka ndichotse lamulungu, tsiku limodzi lokha

14:11 Achemwali: nde wati chani

14:15 Chitsiriza: ndathimitsa group yawo

14:16 Achemwali: 

14:16 Achemwali: ndinalemba zambiri ndafufuta. wadya?

14:17 Chitsiriza: ndidya injini ikalira

LACHISANU

08:12 Chitsiriza: 📷

08:12 Chitsiriza: cover yachoka. akulu aja ndi awo. aoneni komaliza

08:14 Achemwali: kwa ine ndi zitsulo basi

08:15 Chitsiriza: kwa ine ndi ana

08:15 Achemwali: kwatira

09:40 Chitsiriza: ma cap ogwira cam ndawandanda pa katoni monga anakhalira. lililonse limabwerera pamalo pake, ukasokoneza cam imagwira. ndauza aliyense kuti wokhudza katoniyi tidana

11:05 Chitsiriza: bawuti imodzi yathyokera mkati

11:06 Achemwali: kutanthauza?

11:06 Chitsiriza: kutanthauza kuti ndikufuna kukuwa

11:07 Achemwali: kuwa, ukatha uchotse

12:48 Chitsiriza: a welder awotcherera nati pa chidutswacho. chatuluka. munthu uja ndamukhululukira za chitseko

12:50 Achemwali: ndikubweretsera chakudya pa lunch. usatsutse

14:30 Achemwali: manja ako aja upake mankhwala ndakusiyira. mabala amenewo ndi oil sizigwirizana

15:55 Chitsiriza: ma cam akale alowa. timing belt, lamba wa mano woyendetsa ma cam, ndaika. ndazungulitsa injini ndi dzanja kuti ndione ma mark, dzino limodzi linaphonya. ndamasula ndaikanso

15:56 Achemwali: dzino limodzi lokha ndi vuto?

15:58 Chitsiriza: limodzi imayenda mwaulesi. angapo piston imamenya valve, injini yonse kumanda

17:40 Chitsiriza: kwayamba kuda, magetsi a pano ndi a chibwana. sindithamangira. nditseka mmawa kukuwala

17:41 Achemwali: mawa ndi loweruka

17:41 Chitsiriza: ndikudziwa tsiku lake sisi

LOWERUKA

08:20 Chitsiriza: cover yatsekedwa. exhaust yakale yabwerera. map yakale ya kathiridwe ka mafuta ndabwezera mu computer ya injini. ya ma cam akulu ikanaithira mafuta olakwika

08:44 Chitsiriza 🎤 0:20: Tamverani... mwamva? Ayi, siinazime. Ikulira imeneyo. 750, phee. Ndaika kapu ya tiyi pamwamba pa injini, tiyi sakugwedezeka n'komwe.

08:45 Achemwali: mawu ake akale aja!! amene tinkamva ikamalowa pa geti tonse n'kuthamangira kukatsegula mabuku

08:46 Chitsiriza: kkkk inu munkagwira buku chadodolido

09:30 Chitsiriza: ndili panja. tulukani muyese inuyo. phazi langa silikhulupirikanso

09:52 Achemwali: iwe!! ndachotsa clutch osaponda moto olo pang'ono, yangoyenda yokha. buleki yofewa. pa hump sinazime

09:53 Achemwali: bwanji wakhala mu galimoto osalowa m'nyumba

09:54 Chitsiriza: pano akuyamba ma heat, mipikisano yoyambirira, ku bwalo kuja. ndingokhala kaye pang'ono

09:55 Achemwali: khala. ndikubweretsera tiyi wina

10:25 Achemwali: akana. akuti anatsala pang'ono kupha mkazi wawo, sakhudzanso makiyi. ndawauza kuti galimoto yakonzedwa, akuti chofunika kukonza si galimoto

10:26 Achemwali: kukhala chete kwanga kwathera pano. uwauza iwe kapena ine?

10:31 Chitsiriza: pamaso sindingathe. mawu adzandithawa

10:31 Achemwali: nde ndikuwalowetsa muno. okha amakonda ma voice note

Achemwali alowetsa Adadi

10:34 Chitsiriza: 📷

10:38 Chitsiriza 🎤 1:03: Adadi, ndine. Pa chithunzipo, chimene ndinajambula dzulo, pali zitsulo ziwiri. Cha kumanzere ndi chimene galimoto yanu inabwera nacho. Cha kumanja, cha mapewa akuluakulu, ndinaika ine muli m'chipatala, chifukwa ndimathamanga nayo pa mpikisano. Chimenecho chimapatsa mphamvu pa liwiro koma chimalanda mphamvu podzuka, chimalimbitsanso buleki. Achemwali inawazimira kawiri Lachiwiri, funsani. Lachitatu lija inalumpha chifukwa cha turbo, ndipo buleki munaponda bwinobwino, ndi iyo sinagwire msanga. Sunali mwendo wanu adadi. Ndabwezera zonse mmene zinalili. Mundikalipire mmene mungafunire, koma mwendowo musaunamizire.

10:39 Achemwali: ndi zoona adadi. inandichititsa manyazi pa hump ya pa sukulu

10:52 Chitsiriza: amvera?

10:52 Achemwali: ma tick ndi a blue. ukulemba mu group yomweyo, akuwerenga

10:53 Chitsiriza: eish

11:40 Achemwali: adadi?

12:26 Adadi: Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikutukwana mwendo wosalakwa.

12:27 Chitsiriza: pepani adadi

12:35 Adadi: Mpikisanowo umapambana?

12:36 Chitsiriza: ndinali number 1. final inali lero

12:37 Adadi: Lero liti?

12:37 Chitsiriza: mmawa uja

12:38 Achemwali: anali pansi pa bonnet yanu kuyambira lachitatu adadi. ntchito ya aircon kaya ikadalipo

13:10 Chitsiriza: adadi ndinene chani china?

14:45 Chitsiriza: sisi akutani

14:46 Achemwali: adya. mbale yonse. ndipo ukulembabe mu group

LAMULUNGU

07:18 Achemwali: chitsiriza galimoto watenga ndiwe?

07:19 Chitsiriza: ayi. ndinaisiya pabwalo, ndinabwera pa minibus

07:19 Achemwali: palibe. geti ndi lotsegula

07:20 Achemwali: kuchipinda kulibe munthu. nsapato zawo palibe

07:20 Chitsiriza: amayi akuti chani

07:21 Achemwali: akuti geti atsegula ndi iwo. akupitiriza kusita ngati palibe chachitika

07:22 Achemwali: adadi muli kuti?

07:22 Achemwali: 📞 sanayankhe

07:24 Chitsiriza: 📞 sanayankhe

07:25 Chitsiriza: adadi chonde. okha mu msewu?? a physio anati pabwalo

07:31 Achemwali: 📞 sanayankhe

07:33 Chitsiriza: ndabwereka njinga yamoto. ndiyambire mbali iti?

07:34 Achemwali: sindikudziwa. yambira ku msika

07:49 Chitsiriza: ku msika kulibe. ku tchalitchi kulibe

08:03 Achemwali: 📞 sanayankhe

08:16 Adadi: Ndaima pa filling station. Lekani kuliza foni, mukundisokoneza.

08:16 Achemwali: ADADI

08:16 Chitsiriza: muli bwino?? station iti?

08:21 Adadi 🎤 0:41: Ndili bwino. Yazima kamodzi, pa roundabout. Kumeneko ndalakwitsa ndine, osati zitsulo zako, ndinachotsa phazi msanga. Wa lole kumbuyo anaimba hutala. Ndinamukwezera dzanja, ndinaliza, ndinapita. Mwendo ukuwawa pang'ono kuseri kwa bondo. Mwanawe, uwauze a physio kuti mawa ndibwera, ndipo ndibwera ndekha.

08:22 Achemwali: ndikulira pano mukudziwa

08:25 Adadi: Iwe chitsiriza. Pa msewu waukulu ndaponda moto, ikuyenda mwaulemu kwambiri. Ndi mmene inalili kale?

08:26 Chitsiriza: ndi mmene inalili adadi. pansi ili ndi mphamvu, pamwamba imafatsa

08:29 Adadi: Chabwino. Zitsulo zakozo usataye. Tidzakambirana ukapeza galimoto yakoyako yoti uziwononga.

08:29 Chitsiriza: 😭 zkm adadi

08:30 Achemwali: tsopano bwererani. tiyi akuzizira

08:33 Adadi: Uwauze amako asandisungire. Ndikukamwa kwa amalume ako.

08:33 Achemwali: kwa amalume?? adadi kumeneko ndi kutali, kuli mtunda uja wa makhotakhota

08:34 Achemwali: adadi

08:36 Achemwali: 📞 sanayankhe

08:37 Chitsiriza: asiyeni sisi. akuyendetsa